Tinatsika masitepe opitirira 500 kukafuna ayezi ku Chamonix

Mtsinje umene umadutsa pakati pa tauni ya Chamonix, m'mapiri a Alps ku France, dzina lake ndi Arve, ndipo madzi ake ndi otuwa mbuu, ngati madzi amene mwatsukiramo mpunga. Tinaima pa mlatho zikwama zili kumsana, titangotsika basi yochokera ku Geneva, mzinda wa ku Switzerland, mwana wanga n'kundifunsa kuti, "Amayi, madziwa ada chonchi bwanji?" Ine ndinakulira pafupi ndi mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, ndiye ndinayankha mmene aliyense wa kwathu akanayankhira, kuti kumtunda kwagwa mvula. Koma kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe, dzuwa likuswa mtengo. Madzulo ake mayi wa panyumba imene tinkagona anatiuza kuti kutuwako ndi ufa wa miyala. Ayezi akamatsetsereka m'phiri amapera thanthwe limene akudutsapo ngati mphero, ndipo ufawo umatsika ndi madzi osungunuka. Anatiuzanso kuti nyengo yotentha mtsinjewu umadzaza kwambiri chakumadzulo, ngakhale mvula isagwe, chifukwa dzuwa likawomba tsiku lonse ndiye kuti ayezi wambiri wasungunuka kumtunda. M'mawa mwake ndinalawirira kukaona mwala wina umene ndinauika chizindikiro ndi maso. Unali pamtunda, wouma. Pofika 5 koloko madzulo madzi anali ataumiza.

Ulendowu anauyambitsa ndi mwanayu. Anali ndi zaka 13 nthawi imeneyo, ndipo tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu kuno ku Leicester ku England ndi homuweki yonena za chinthu chimene azungu amati glacier. Anandifunsa dzina lake m'Chichewa, ine kakasi. Matalala timawadziwa, chisanu cha mu June chimene chimayeretsa udzu pamwamba pa Mulanje timachidziwanso, ayezi wa mufiriji ndiye osanena. Koma ichi ndi china. Tinagwirizana kuti tizingoti mtsinje wa ayezi. Kenako ananena mawu amene anandilowa kwambiri: "Aphunzitsi akuti ikutha. Ndikufuna ndikauone umodzi usanathe." Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, nthawi zambiri usiku. Kuyambira Januwale mpaka June 2023 ndinkatenga mashifiti owonjezera, ndalama yake ndikuika padera. Popeza tonse tili ndi mapasipoti a Malawi, tinafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ndiye panali kusonkhanitsa makalata a kubanki, kalata ya kuntchito, inshuwalansi ndi umboni wa kumene tikagone. Amene mukufuna kupita, yambani za viza kudakali miyezi, musadikire kuti tchuthi cha ana chiyandikire. Ulendo weniweniwo ndi waufupi: ndege yosakwana maola awiri kufika ku Geneva, kenako basi ya ola limodzi ndi mphindi zingapo kulowa m'dziko la France mpaka m'chigwa cha Chamonix. Tinafika mu July.

Mtsinje wa ayezi umayamba chonchi. Pamwamba pa mapiri pamagwa chipale chofewa chaka ndi chaka, ndipo chifukwa cha kuzizira sichisungunuka chonse. Cha chaka chino chimagwera pa cha chaka chatha, chapansicho chimapanikizika, mpweya umafinyika n'kutuluka, mpaka chimasanduka ayezi wolimba gwa. Akachuluka, kulemera kwake komweko kumamuchititsa kuti ayambe kutsetsereka m'chigwa pang'onopang'ono, mamita makumi angapo pachaka, moti ndi maso simungaone kuti akuyenda. Kumunsi kumene kukutentherako amasungunuka. Ngati chipale chogwa kumtunda chikufanana ndi ayezi wosungunuka kumunsi, mtsinjewo umakhala pomwepo. Chosungunuka chikaposa chogwa, umayamba kufupika ndi kuphwa, ngati ukubwerera kumene unachokera.

Tauniyo ili pamtunda wa mamita 1,035 kuchokera pa nyanja yamchere, pafupifupi chimodzimodzi ndi Blantyre. Anthu okhazikika sakwana 10,000, koma mukayenda mu msewu waukulu wa Rue du Docteur Paccard mungaganize kuti ndi mzinda waukulu, chifukwa alendo ndi ochuluka kuposa eni mudzi. Chigwacho ndi chopapatiza, mapiri uku ndi uku, moti kuti muone nsonga zake mumachita kupinda khosi. Mbali imodzi kuli Mont Blanc, phiri lalitali kuposa onse a Alps, lopitirira mamita 4,800. Sapitwa wathu ndi mamita 3,002. Ndinkaganiza kuti munthu wa ku Mulanje phiri silingamudabwitse, koma ndinaima pakhomo la sitolo kwa nthawi ndithu, ndikuyang'ana mtsinje wa ayezi wa Bossons umene umalendewera pamwamba pa tauni ngati lilime loyera lotuluka pakati pa mitengo ya paini. Uli pafupi kwambiri moti pochapa zovala kapena pogula buledi umangokhala ukukuyang'anani.

Pakati pa tauni pali chipilala cha anthu awiri, mmodzi akuloza phiri ndi chala. Wolozayo ndi Jacques Balmat, mwana wa m'chigwa momwemo, amene ankasaka nyama ndi miyala yonyezimira m'mapiri. Winayo ndi Horace-Bénédict de Saussure, katswiri wa sayansi wa ku Geneva amene analonjeza mphotho kwa aliyense wopeza njira yokwerera Mont Blanc. Pa 8 Ogasiti 1786 Balmat anafika pansonga pamodzi ndi dokotala wa m'mudzimo, Michel-Gabriel Paccard, ndipo Saussure anakwera chaka chotsatira. Dokotalayo anamuiwala pa chipilalacho, chake anadzamumangira mu 1986, patadutsa zaka 200, chapatali pang'ono, atakhala yekha. Chimene chinandigwira mtima ine ndi cha Balmat. Amalume anga ananyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula kukwera ku Chambe kwa zaka zambiri, miyendo yawo inkadziwa mwala uliwonse wa njira imeneyo, ndipo m'zithunzi zimene alendowo ankajambula iwo ankakhala kumbuyo, thumba lili pamutu. Ku Chamonix operekeza anthu m'mapiri ali ndi bungwe lawo, Compagnie des Guides, limene linayamba mu 1821, ofesi yawo ili pafupi ndi tchalitchi cha Saint-Michel, ndipo pa 15 Ogasiti chaka chilichonse amakhala ndi mwambo wodalitsa zingwe ndi nkhwangwa zawo zokwerera ayezi. Ndi ntchito yaulemu wake, ana amanyadira kuti bambo awo ndi operekeza. Ndinalakalaka amalume akanaona zimenezi ali moyo.

Za mitengo ya zinthu ndinene mosabisa: ku Chamonix n'kodula. Masitolo ambiri ndi a majekete, nsapato zokwerera mapiri ndi mawotchi, ndipo kapu ya tiyi pa lesitilanti imakupangitsani kuwerengera kawiri. Ife tinagona panyumba ya alendo yokhala ndi khitchini ya onse, chakudya tinkagula m'supamaketi n'kuphika tokha, madzi tinkatunga pa mipope ya m'misewu, ozizira bwino, aulere. Tinadya kunja kamodzi kokha. Mwana anasankha tartiflette, mbatatesi yophika ndi anyezi, nyama yankhumba ndi tchizi cha Reblochon. Ine ndinaitanitsa masoseji a kumeneko otchedwa diots, ndipo anabwera ndi polenta. Nditaona mbaleyo mtima unagunda, chifukwa inali nsima ya ufa wachikasu, yofewerapo, yothira batala. Amene munalipo pa chilala cha 1992 mukukumbuka chimanga chachikasu chimene tinkalandira, ndi mmene akuluakulu ankachidyera monyinyirika. Kuno anthu a m'mapiriwa ndi chakudya chawo cha makolo, amachikonda. Ndinapempha madzi osamba m'manja n'kudya mmene timadyera kwathu, ndipo inali yokoma kwabasi.

Tsiku lachiwiri ndilo linali la chimene tinabwerera. Kuseri kwa siteshoni yaikulu kuli kasiteshoni ka sitima yofiira yopita ku Montenvers. Njanji yake ili ndi mzere wachitatu pakati, wokhala ndi mano, ndipo pansi pa sitima pali gudumu la mano limene limaluma mzerewo kuti sitima isabwerere m'mbuyo pa chitunda. Mtunda wake ndi makilomita asanu okha, koma imakwera mpaka mamita 1,913, ndipo imatenga mphindi pafupifupi 20. Njanjiyi inatha kumangidwa mu 1909. Isanabwere, alendo ankakwera pa nyulu, ndipo eni nyuluzo anakana kwambiri kuti sitima ibwere poona kuti iwalanda chakudya pakamwa. Imadutsa m'nkhalango ya paini yonunkhira ngati ya pa Zomba, kulowa m'mapanga amdima, kutulukanso, tauni ikucheperachepera kumunsi. Mwana anali atamatira pawindo. Usiku wathunthu anali akuyang'ana zithunzi zakale za malowo, zoonetsa ayezi woyera wokhala ndi mafunde, azimayi a madiresi aatali akuyendapo ndi ndodo.

Dzina la mtsinje wa ayeziwo ndi Mer de Glace, kutanthauza nyanja ya ayezi. Mbiri yake imayambira pa Angelezi awiri, William Windham ndi Richard Pococke, amene anafika pamenepo mu 1741 n'kukafotokoza kwawo kuti anaona chinthu chonga nyanja imene yaundana mafunde ali m'mwamba. Kuchokera pamenepo alendo anayamba kubwera, ndipo kamudzi ka alimi ndi oweta ng'ombe kanasanduka tauni ya mahotela, mpaka kuchititsa masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira mu 1924. Ndi waukulu kuposa yonse ya ku France, wotalika makilomita pafupifupi 7.

Titatsika sitima tinathamangira pa khonde loonerapo. Mwana anayang'ana kumanzere, kumanja, kenako kwa ine. "Amayi, uli kuti?" Pansi pathu, kutali kwambiri, panali chigwa chodzaza miyala ndi mchenga wotuwa, ngati malo ophwanyira miyala ya kwale. Makoma a chigwacho anali osalala, opanda mtengo kapena udzu, kuonetsa poyera mzere wa pamene ayezi ankalekezera kale. Munthu wina wogwira ntchito pamenepo anatilozera kuti ayeziyo ali pansi pa miyalayo, miyala yogwa m'mapiri yamukwirira. Mutakweza maso chakumtunda ndiye mumayamba kuona kuyera, chigwa chikukhota ngati njoka kulowera ku mapiri a Grandes Jorasses, ndi mizere yopindika, yoyera ndi yakuda mosinthana. Mizere iwiri, woyera ndi wakuda, ndi chaka chimodzi, ngati mizere ya m'kati mwa chipika cha mtengo. Kuyambira cha m'ma 1850 mtsinjewu wabwerera m'mbuyo makilomita opitirira awiri. Mwana sanalire, koma anakhala chete nthawi yaitali, manja ali pa chitsulo cha khondelo.

Kuti mufike pa ayezi nthawi imeneyo, munkakwera kachikepe koyenda pa chingwe kutsika pang'ono, kenako masitepe achitsulo omangidwa pa thanthwe. Chikepecho atachimanga mu 1988, munthu ankangotsika masitepe atatu n'kuponda ayezi. Chaka chilichonse ankawonjezera ena kutsatira ayezi amene akuphwa, ndipo ife tinapeza ali opitirira 500. M'mbali mwa masitepewo, pa thanthwe, anakhomamo zikwangwani zing'onozing'ono, chilichonse chili ndi chaka, kuonetsa pamene ayezi ankafika chaka chimenecho.

Tisanatsike kwambiri tinapeza cholembedwa 1990. Ndinaima. Chaka chimenecho ndi chimene ndinayamba sitandade 1, ndili ndi yunifolomu yaikulu imene amayi anasoketsa kuti ndikuliremo, ndikuyenda wopanda nsapato m'mphepete mwa minda ya tiyi. Tsiku limene ndinkaphunzira a, e, i, o, u pansi pa mtengo, pamalo pamene ndinaimapa panali ayezi, wodzaza chigwa chonse kuchokera khoma ili mpaka lija. Ndinayang'ana pansi kudzera m'mipata ya masitepe, anthu a kumunsi akuoneka ngati nyerere. Zonsezo zapita m'moyo wanga womwewu, ine amene nthawi imeneyo ndinali ndisanafike ndi zaka 40 zomwe. M'buku mukhoza kuwerenga kuti ayezi waphwa mamita opitirira 100, n'kupitiriza kumwa tiyi wanu. Koma mukamatsika ndi mawondo anu, sitepe ndi sitepe, thupi limamva kukula kwa chimene chasowacho.

Tinapitiriza. Zikwangwani zinkabwera motsatizana, zaka zoyandikana koma mtunda wa pakati pake waukulu. Titafika pa 2010 mwana ndiye anaima. "Chaka changa ichi." Anandipempha kuti ndimujambule atagwira chikwangwanicho, kenako anati ayamba kuwerenga masitepe kuchokera pamenepo mpaka pansi, kuti adziwe kuti ayezi watsika bwanji chibadwire iye. Anawerenga mokweza, m'Chingelezi, anthu ena akumuyang'ana. Atadutsa 150 anasiya, pansi tisanafike. Sindinamufunse chifukwa chake.

Kumunsi kwenikweni kunali malona oyera aakuluakulu, oyalidwa pa ayezi n'kutsinjizidwa ndi miyala, ngati mmene timaphimbira chimanga pa msika mvula ikamabwera. Amawaika kuti abweze dzuwa, pakhomo pa phanga pasasungunuke msanga. Phangalo amachita kukumba anthu, mwambo umene unayamba mu 1946, ndipo chaka chilichonse amakumba lina chifukwa ayeziyo akuyenda ndi phanga lomwe. Chapansipo tinaona mabowo a mapanga a zaka zapitazo, atapindika, ena atagwa.

M'kati ndiye munali chimene mwana ankafuna. Mukangolowa, kutentha konse kwa pa masitepe kumatha, kuzizira kumakulowani m'mano. Makoma ake ndi obiriwira ngati kumwamba kwa mu Meyi mvula itatha, koma kozamirapo, mtundu umene sindinauonepo pa nsalu kapena penti. Mukayandikitsa nkhope mumaona timathovu ta mpweya totsekeredwa m'kati, ndi timiyala toyandama pakati pa ayezi ngati wina watiimika. Ndinaika chikhatho pakhoma. Linali losalala ngati galasi, lonyowa, ndipo nditachotsa dzanja madzi anatsika m'mkono mpaka m'chigongono. Paliponse madzi ankadontha, tho, tho, tho, ndipo pansi pa kapeti imene anayala kuti anthu asaterereke munkamveka kamtsinje kakuyenda. Anaikamo magetsi osinthasintha mitundu ndi zosemasema za ayezi, zimene ine sindinazikonde, chifukwa ayeziyo payekha ndi wokwanira. Mwana anapeza kona kumene kunalibe magetsiwo, n'kutsamiritsa chipumi pakhoma, maso ali otsegula, akuyang'ana m'kati. Anati ukayang'anitsitsa umaona ngati ukumira m'madzi akuya. Chipale chimene chinapanga ayezi ameneyo chinagwa agogo a agogo ake asanabadwe.

Pokwera ndiye panali ntchito. Masitepe 500 pamalo okwera chonchi si masewera, ndipo ndinkapuma pa chikwangwani chilichonse, wefuwefu. Pa benchi ina ndinakhala ndi bambo wina wachikulire wa ku France komweko, wa ndodo ziwiri. M'Chingelezi chake chochepa anandiuza kuti anabwera koyamba ali mnyamata ndi bambo ake, ndipo analoza m'mwamba, pamwamba pa mitu yathu, kusonyeza pamene anapondera ayezi tsiku limenelo. Anati tsopano amabwera chaka chilichonse ngati mmene munthu amakazondera m'bale wake amene ali m'chipatala. Tili chikhalire, kutsidya kwa chigwa kunamveka chiphokoso, gugugu, miyala ikugumuka n'kutsika ndi fumbi. Alendo ena anatulutsa mafoni kujambula. Ine thupi lonse linachita tsemwe, ndipo ndinazindikira kuti ndagwira mkono wa mwana mwamphamvu.

Phokoso limenelo ife a ku Mulanje ndi Phalombe timalidziwa. Ndinali mwana mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi linagumuka n'kukokolola midzi ku Phalombe, akuluakulu akuti wadutsa Napolo. Ndipo miyezi inayi yokha ulendowu usanachitike, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anali atagwetsanso mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe, n'kupha anthu opitirira 1,000. Masiku amenewo ndinkagwira ntchito usiku foni ili m'thumba la yunifolomu, ndikudikira uthenga wa azakhali anga, amene anapulumuka koma munda wawo unasanduka bwalo la miyala. Ku Alps nakonso mapiri akugumuka, pa chifukwa chawochawo: m'ming'alu ya matanthwe a pamwamba muli ayezi amene amagwira miyala ngati simenti, ndipo akasungunuka thanthwe limalekana. Phiri losongoka la Les Drus, limene limaima moyang'anizana ndi Montenvers, lili ndi chipsera chachikulu chotuwa pamene mbali yake ina inagwa mu 2005. Anthu a m'chigwachi amakumbukiranso za mu July 1892, pamene madzi obisika m'kati mwa ayezi wa Tête Rousse anaphulika usiku n'kukokolola anthu pafupifupi 175 ku Saint-Gervais, tauni yoyandikana nayo.

Pamwamba, pafupi ndi hotela yakale yamiyala ya mu 1880, tinawerenga mbiri ina imene ndakhala ndikuiganizira mpaka lero. M'zaka za m'ma 1600 kunkazizira kwambiri, ndipo Mer de Glace ankakula, kutsika mpaka m'chigwa, kukwirira minda ndi kugwetsa nyumba za anthu. Alimi anachita mantha mpaka anaitana bishopu wa ku Geneva kuti abwere adzapemphere pamaso pa ayeziyo kuti abwerere. Makolo awo ankapempha Mulungu kuti chinthuchi chichoke, zidzukulu zawo lero zikuchifunditsa malona kuti chisachoke, chifukwa mahotela, sitima, masitolo ndi ntchito za ana awo zinamera pa icho. Ndinawamvera chisoni anthu a ku Chamonix, ngakhale ali olemera kutiposa kutali. Chaka cha 2022 ndi cha 2023 zinali zotentha kwambiri ku Alps, moti kutsidya kwa malire, ku Switzerland, akatswiri anapeza kuti m'zaka ziwiri zokhazo mitsinje ya ayezi inataya gawo limodzi mwa magawo khumi a ayezi wake yense. Utsi umene ukutenthetsa dziko ndi umodzi, womwewo umene ukusungunula ayezi wawo ndi kusokoneza mvula ya kwathu, ndipo sindinaiwale kuti nanenso ndinabwera pa ndege.

Tsiku lachitatu tinakwera ku Aiguille du Midi. Tikiti yake inandidya ndalama ya shifiti pafupifupi yathunthu, koma sindidandaula. Chikepe chake, chimene chinatsegulidwa mu 1955, chimakuchotsani m'tauni n'kukufikitsani pamwamba m'mphindi pafupifupi 20, ndipo nsonga yake ndi mamita 3,842, kuposa Sapitwa ndi mamita 840. Kumeneko kulibe miyala yokwirira, n'koyera mbee mbali zonse, kowala moti popanda magalasi adzuwa maso amatuluka misozi. Mpweya ndi wochepa, masitepe khumi okha mutu umayamba kuzungulira, ndipo ngakhale unali mwezi wa July tinavala majuzi awiriawiri ndi majekete. Tinaona anthu omangirirana chingwe akutsika pa kamzere kopapatiza ka chipale, phompho uku ndi uku. Ndinasangalala kuti tinayamba ndi Montenvers. Tikanayamba ndi kuno, tikanabwerera tikuganiza kuti ayezi adakali wambiri ndipo palibe chovuta.

Amene mupite tsopano simudzavutika ngati ife. Kumayambiriro kwa 2024 anatsegula chikepe chatsopano chimene chimakafika chakumtunda kwa chigwa, kumene ayezi adakali wochindikala, ndipo masitepe ndi ochepa. Kwa okalamba ndi a ana aang'ono ndi nkhani yabwino. Komabe mukafika pa khonde lija musafulumire kutsika. Yang'anani kaye makoma osalala a chigwacho, mufunse wogwira ntchito aliyense kuti akulozereni pamene ayezi ankafika chaka chimene munabadwa. Tengani jekete ngakhale m'tauni mukutentha, nsapato zotseka, ndi botolo la madzi, ndipo kwerani sitima ya m'mawa anthu asanachuluke.

Usiku womaliza tinabwerera pa mlatho uja kukaimbira amayi ku Mulanje pa WhatsApp. Mchimwene wanga ndi amene anawagwirira foni. Mwana anawaonetsa zithunzi za m'phanga, akufotokoza m'Chichewa chake chodukaduka kuti, "Agogo, ndi madzi, koma olimba ngati mwala, ndipo akuyenda." Amayi anayang'anitsitsa, nkhope ili pafupi ndi foni, n'kufunsa ngati anthu amagonamo. Titawatembenuzira kamera ku Bossons, dzuwa lolowa litamufiiritsa psuu, anati, "Koma Mulungu ali ndi zinthu." Kenako anamva mkokomo wa mtsinje pansi pathu n'kufunsa kuti madzi onsewo akupita kuti. Ndinawauza kuti Arve amakathira mu mtsinje wa Rhône ku Geneva, ndipo Rhône amadutsa m'dziko la France, anthu akuthirira minda ndi kupangira magetsi, mpaka kukafika ku nyanja ya Mediterranean. Anakhala chete pang'ono, ngati akuwerengera. "Nanga ayeziyo akadzatha, mtsinjewo uzidzatunga kuti nthawi ya dzuwa?" Ndinayamba kufotokoza za mvula ndi chipale cha nyengo yozizira, koma netiweki ya ku Likhubula inadula ndisanamalize, nkhope yawo n'kuima pa foni, pakamwa pali potsegula. Tinayesa kuimbanso kawiri, osalowa. Mwana anatsamira pa chitsulo cha mlatho kuyang'ana mwala wanga uja, umene unali utamira kale.